Kachipinda kodula pafupi ndi kuntchito, kapena nyumba yotakasuka kutali?

Pafupifupi aliyense wogwira ntchito mumzinda amafika pa mphambano imeneyi, kawirikawiri pamene eni nyumba alengeza kuti akweza lendi, kapena pamene wafika kuntchito mochedwa kachitatu pa sabata imodzi ndipo abwana ayamba kuyang'ana wotchi asanayankhe moni. Njira zake ndi ziwiri. Mukhoza kulipira ndalama zambiri kuti mukhale m'kanyumba kothina pafupi ndi kuntchito, kapena mukhoza kusamukira kunja kwa mzinda, kumene ndalama yocheperapo imakupezetsani nyumba ya zipinda zingapo ndi bwalo, koma m'mawa ndi madzulo anu n'kumathera pamsewu. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti ambirife timayerekeza njira ziwirizi poyang'ana lendi yokha, pamene kusiyana kwake kwenikweni kuli pa zinthu zimene sizilembedwa pa lisiti.

Pa nkhani ya ndalama, nyumba yakutali imaoneka yopambana kufikira tsiku limene mwakhala pansi n'kuwerengera ya thiransipoti. Lendi imatuluka kamodzi pamwezi, yonse pamodzi, n'chifukwa chake imapweteka ndiponso imakumbukika. Ndalama yoyendera imatuluka ngati madzi a m'ndowa yobooka, lero pang'ono, mawa pang'ono, ndipo imakoka zinzake: chakudya chogula chifukwa munanyamuka kusanache osaphika, galimoto yahayala pa tsiku limene mwaweruka usiku mabasi atatha. Alangizi ambiri a zachuma amanena kuti lendi isapitirire 30 peresenti ya malipiro. Muyezo umenewu si lamulo lachilengedwe. Unachokera ku malamulo a nyumba za boma ku United States, kumene mu 1969 senata Edward Brooke anatsogolera kusintha kwa lamulo kuti lendi ya nyumbazo isapitirire 25 peresenti ya zimene banja limapeza, ndipo mu 1981 malirewo anakwezedwa kufika pa 30. Vuto la muyezowu n'lakuti sulabadira za ulendo. Pa chifukwa chimenechi bungwe la Center for Neighborhood Technology la ku Chicago linayamba kuphatikiza lendi ndi thiransipoti, n'kuika malire a ziwirizo pa 45 peresenti. Kaya nambalayo ikugwirizana ndi malipiro anu kaya ayi, mfundo yake ndi yolondola: ziwirizi zimatuluka m'thumba limodzi, choncho ziwerengedwe pamodzi. Nthawi zambiri nyumba yakutali imapambanabe, koma ndi ndalama yochepa kusiyana ndi imene inakukopani poyamba.

Pa nkhani ya nthawi ndipo pamene zinthu zimatembenuka. Munthu amene amayenda ola limodzi popita ndi ola limodzi pobwera, masiku asanu pa sabata, masabata 48 pa chaka, amathera maola 480 pamsewu. Mukawagawa m'masiku a ntchito a maola asanu ndi atatu, amakwana masiku 60, ndiye kuti pafupifupi miyezi itatu ya ntchito imene palibe amene amakulipirani. Pangano loyamba la bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organization, la mu 1919, linaika malire a ntchito za m'mafakitale pa maola asanu ndi atatu patsiku ndi maola 48 pa sabata, koma munthu wokhala kutali amadziwa kuti tsiku lake la ntchito limayamba pamene watseka chitseko cha nyumba, osati pamene wasaina m'buku la pageti.

Mu 1994 katswiri wa sayansi wa ku Italy, Cesare Marchetti, potengera kafukufuku wa Yacov Zahavi, analemba kuti kuyambira kalekale anthu amalolera kuyenda pafupifupi ola limodzi patsiku, kupita ndi kubwera, ndipo mizinda imakula molingana ndi mtunda umene munthu angayende pa nthawi imeneyo. Pamene anthu ankayenda pansi, mizinda inali yaing'ono. Sitima ndi magalimoto zitabwera, inatambasuka. Chimene ndimatolapo ine n'chakuti ulendo wa mphindi 30 thupi limaulandira ngati gawo la moyo, koma ukapitirira kwambiri pamenepo umayamba kudya zinthu zina. Choyamba kudyedwa ndi tulo, kenako maliro ndi maukwati a anzanu amene mumangotumizako uthenga wopepesa, kenako maphunziro amadzulo amene munalonjeza kuti muyamba chaka chino.

Chinthu chimene sindinachiyembekezere ndi kusiyana kwa kazoloweredwe. Chipinda chachikulu chimakusangalatsani mwezi woyamba, mwina wachiwiri, kenako chimangokhala chipinda. Kachipinda kothina nakonso mumakazolowera, mumaphunzira kuika sutikesi pansi pa bedi n'kuiwala. Ulendo wokha ndi umene suzolowereka, chifukwa sufanana tsiku ndi tsiku: lero msewu uli bwino, mawa kwachitika ngozi, mkuja mvula yagwa ndipo aliyense akulimbirana basi imodzi. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2004, katswiri wa za maganizo a anthu Daniel Kahneman ndi anzake anafunsa amayi 909 apantchito a ku Texas, ku United States, mmene anamvera pa chochitika chilichonse cha dzulo lake, ndipo ulendo wa kuntchito unapezeka kumunsi kwenikweni kwa mndandanda wa zosangalatsa. Mu 2008 akatswiri a zachuma Alois Stutzer ndi Bruno Frey, atasanthula mayankho a anthu a ku Germany a zaka zambiri, anapeza kuti anthu oyenda maulendo ataliatali sankakhutira ndi moyo wawo ngati mmene ankakhutirira oyenda maulendo aafupi, ngakhale kuti mwa chiphunzitso cha zachuma nyumba yabwino kapena malipiro apamwamba zinayenera kuwabwezera zimene ankataya pamsewu.

Izi zisakupangitseni kuganiza kuti kukhala pafupi kulibe minga. Lendi yake imakusiyani opanda chosunga, ndipo munthu wopanda chosunga amaopa abwana kuposa mmene ayenera kuwaopera. Phokoso silitha, makoma ndi opyapyala moti mumadziwa nthawi imene anzanu oyandikana nawo ayambana ndi nthawi imene agwirizananso, ndipo mlendo akabwera mumasowa pomugoneka. Pali chinanso chimene anthu sachitchula kawirikawiri: wokhala pafupi ndi amene amasungitsidwa makiyi a ofesi. Alamu ikalira usiku, kapena katundu akafika Loweruka, foni imene imaitana ndi yanu, ndipo mawu ake amakhala omwewo, akuti "inu si muli pompano?" Maola amene munawombola pamsewu ena mwa iwo ntchito imawatenganso mwakachetechete. Komanso mawu oti pafupi amadalira ntchito imene muli nayo lero. Kampani ikasamuka, kapena ntchito ikatha, mumatsala ndi lendi yodula pafupi ndi malo amene simupitakonso.

Ubwino wa kutali umaonekera kwambiri pakakhala ana. Bwalo loseweramo, chipinda chawochawo, usiku wabata, zonsezi si zinthu zazing'ono, ndipo mtunda umakhala ngati mpanda pakati pa ntchito ndi banja, moti palibe amene angakuitaneni mwachisawawa. Komabe funso limene ndinadzifunsa mochedwa ndi lakuti nyumba yabwinoyo akuidyerera ndani. Ndinkachoka ana ali m'tulo n'kubwera akusinza, ndipo bwalo limene ndinkalinyadira ndinkaliona masana Lamlungu lokha. Mwana akadwala kusukulu, ola limodzi lija limasanduka mtunda woopsa. Ngati m'banja muli anthu awiri apantchito, nkhani imavutirapo, popeza kawirikawiri mmodzi ndi amene amasenza ulendo wautali, ndipo ngati zimenezi sizinakambidwe poyera zimadzatulukira pa mkangano wa nkhani ina.

Pali mfundo imene ndikuona kuti imaposa mtunda weniweniwo, ndiyo kudalirika kwa ulendo. Mphindi 50 pa basi kapena sitima imodzi, mutakhala pampando, n'zopepuka kusiyana ndi mphindi 35 zofuna kutsika n'kukweranso ina, chifukwa pa kusinthana kulikonse pamabisala kudikira kumene simungakuwerengeretu. Ulendo umene nthawi zina umatenga theka la ola ndipo nthawi zina ola ndi theka umakukakamizani kunyamuka tsiku lililonse ngati kuti ndi tsiku loipa lija. Wokhala pampando akhoza kuwerenga, kumvera wailesi kapena kugona. Woyendetsa yekha galimoto pa mdipiti sangachite chilichonse koma kuyang'ana mabuleki a mnzake wakutsogolo. Amene angathe kuyenda pansi kapena kupalasa njinga ndiye ali ndi mwayi woposa onse, popeza nthawi yake yofika amaidziwa ndipo thupi limapindulapo. Choncho musanapereke ndalama ya chikole pa nyumba iliyonse, yesani ulendowo Lolemba m'mawa ndi Lachisanu madzulo, osati Lamlungu masana pamene eni nyumba amakonda kuonetsa nyumba zawo misewu ili mbee.

Mukandifunsa maganizo anga, munthu amene ali yekha kapena banja limene lilibe ana lisankhe pafupi, bola lendi ndi thiransipoti pamodzi zisameze theka la malipiro, ndipo aphunzire kukana makiyi a ofesi. Banja la ana likhoza kupita kutali, koma lisankhe malo a pa msewu umene uli ndi basi yofika kuntchito mosasintha, ngakhale nyumbayo itachepa ndi chipinda chimodzi poyerekeza ndi ina ya kutali ndi msewuwo. Amene amaloledwa kugwirira ntchito kunyumba masiku awiri pa sabata awerengerenso, chifukwa maola 480 aja amatsika kufika pa 288, ndipo pamenepo kutali kumayamba kukoma. Ine pakadali pano ndili pakatikati, m'nyumba yocheperapo kusiyana ndi imene ndinasiya, mphindi 25 kuchokera kuntchito pa basi imodzi, ndipo sofa imene inakana kulowa pakhomo idakali kwa mnzanga amene anandisungira chaka chatha.