Zomba, Ndata kapena kuphunzirira pakhomo: wofuna zakuthambo alowere kuti?

Ana a Fomu 4 a kuno kuchigwa cha Shire amene masamu ndi fizikisi sizimawavuta amakonda kufunsa kuti munthu wofuna kuphunzira za nyenyezi ndi mapulaneti ayambire pati. Kwa mwana wa ku Ngabu kapena ku Bangula, njira zotheka ndikuziona zitatu, ndipo n'zosiyana kutalitali.

Yodziwika ndi ya fizikisi ndi masamu ku UNIMA, ku Zomba. Ndi zaka zinayi, koma musaganize kuti muzikachezera usiku pa telesikopu. Mukakhalira calculus, kayendedwe ka kuwala, magetsi ndi maginito, ndipo apa ena amagwa ulesi. Komatu ntchito ya akatswiri a zakuthambo ndi yomweyi: masamu ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, makamaka a Python, osanthulira zimene makina ajambula. Digiri yotere ndi imenenso amafuna ku South Africa. Kumeneko pulogalamu ya NASSP, yomwe inayamba mu 2003 ku University of Cape Town, imaphunzitsa za zakuthambo pa mlingo wa honours ndi masters, ndipo yaphunzitsapo ambiri ochokera m'maiko ena a mu Africa. Zipangizo zili konko: telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland, yotsegulidwa mu 2005, ndi MeerKAT, ya madishi 64 otchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, yotsegulidwa mu 2018. Chowawa n'chakuti pa maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, yomanga telesikopu yaikulu kwambiri yotchera mafunde a wailesi, Zambia ndi Mozambique alimo, ife mulibe. Ndiye mwayi wokonzedwera maiko amenewo sungakutsatireni pakhomo. Chokulowetsani ndi magiredi anu basi.

Njira imene anthu saiganizira, koma ine ndimaikonda kwa mwana wakuno, ndi ya ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, yunivesite imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Kuli maphunziro a miyala ndi nthaka, a zanyengo, komanso a kuwerenga zithunzi za masetilaiti. Wina anena kuti nanga zimenezi n'zakuthambo? Sayansi ya mapulaneti mbali yake yaikulu ndi miyala, madzi ndi mpweya. Pamene NASA inatsitsa galimoto ya Perseverance pa Mars mu February 2021, inasankha chigwa cha Jezero chifukwa zithunzi zinaonetsa pamene mtsinje wakalekale unkatayira matope ake polowa m'nyanja. Amene anaonapo mmene mtsinje wa Mwanza umasiyira mchenga m'minda madzi akaphwa, wokhuthala pansi, matope osalala pamwamba n'kung'ambika ndi dzuwa, waona kale chimene akatswiriwo akufufuza. Chigwa chathuchi nachonso ndi mbali ya mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, n'chifukwa chake mukamatsika pa Thabwa makutu amatseka. Ngakhale mwala wochokera kuthambo unagwapo m'dziko muno, ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu opitirira 90, ndipo ousanthula amakhala akatswiri a miyala.

Ubwino wina wa ku Ndata ndi wa m'thumba. Ulendo wakunja ukakanika, luso lowerenga zithunzi za setilaiti lili ndi ntchito kuno komwe: mapu a madzi osefukira, minda ya nzimbe ku Nchalo, ngalande zamthirira zochokera ku Kapichira. Wa fizikisi akatsala, kawirikawiri amagwira choko, zomwe si zoipa, bola adziwiretu. Koma ngati mtima wanu uli pa milalang'amba ndi kubadwa kwa nyenyezi, ku Zomba n'kumene muyenera kupita, chifukwa fizikisi yozama ndiyo adzakufunseni patsogolo.

Yotsala ndi Open University ya ku Milton Keynes, ku England, yophunzirira kunyumba pa intaneti. Ili ndi digiri ya sayansi yokhazikika pa zakuthambo ndi mapulaneti, safunsa mapointi a MSCE, ndipo ophunzira amayendetsa matelesikopu a ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain, ali pakhomo pawo. N'zokoma kumva. Koma fizi yake ndi ya mapaundi, ngongole ya boma ya ophunzira siikhudza, ndipo wophunzira akugwira ntchito imamutengera zaka zisanu ndi chimodzi. Onjezanipo bandulo, ndi laputopu yotentha mu October kukamafika madigiri 40. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anaonongera Kapichira mu January 2022, magetsi n'kumazimazima kwa miyezi yambirimbiri. Imeneyi ndi ya bambo kapena mayi wapantchito amene ali ndi sola yakeyake, osati mwana wongomaliza kumene sekondale.

Achimwene ndi achemwali amene mukudzaza fomu ya NCHE chaka chino, ikani fizikisi ya ku Zomba poyamba ngati masamu munakhoza ndi distinction. Ngati mphamvu zanu zili ku jogalafe ndi kemisitiri, yambani ndi ku Ndata.