Ndemanga: Shuggie Bain, nkhani ya mwana amene ankalera mayi ake

Ndalipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndinagula la chikuto chofewa losindikizidwa ndi Picador, lija lili ndi chithunzi cha kamnyamata katakwera pamwamba pa mzati. Ndi buku lonenepa ndithu, masamba oposa 400. Zilembo n'zazing'ono koma zowerengeka, ndipo ngakhale lakhala likuyenda m'chikwama nthawi yaitali, palibe tsamba lomwe lathothoka. Za pepala ndi guluu zithere pomwepa, nkhani ili m'katimo ndi imene yandichititsa kulemba.

Analilemba ndi Douglas Stuart, mbadwa ya ku Glasgow ku Scotland. Linatuluka mu 2020 ndipo chaka chomwecho linapata mphoto yotchuka ya mabuku ya Booker, pa mpikisano umene mayi Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe nawonso anafika ndime yomaliza. Linali buku lake loyamba. Analilemba kwa zaka pafupifupi 10 uku akugwira ntchito yokonza masitayilo a zovala ku New York, ndipo makampani osindikiza mabuku oposa 30 analikana lisanapeze wolilandira. Mayi ake enieni a Stuart anamwalira chifukwa cha mowa iye ali ndi zaka 16. Stuart mwini wake amati nkhaniyi ndi yopeka, koma ukamawerenga umachita kudziwiratu kuti munthuyu anagonapo m'nyumba yotere.

Zonse zikuchitika pakati pa 1981 ndi 1992. Ambirife Scotland timaidziwa kudzera mwa David Livingstone ndi amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia, choncho m'maganizo mwathu ndi dziko la matchalitchi ndi sukulu. Ya m'bukuli ndi ina. Ndi nthawi imene Margaret Thatcher anali nduna yaikulu ya Britain, migodi ya malasha ikutsekedwa, ntchito yokhoma sitima m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ikutha, azibambo akungoswera kumowa poti kolowera kulibe. Mkati mwa zimenezi muli Agnes Bain, mkazi wokongola wa zaka 39 amene anthu amamufanizira ndi Elizabeth Taylor, mayi wotchuka wa m'mafilimu. Anasiya mwamuna wake woyamba, Mkatolika wofatsa, n'kutengana ndi Shug Bain, dalaivala wa takisi wachimasomaso. Poyamba akukhala kwa makolo a Agnes, a Wullie ndi a Lizzie, m'nyumba yosanjikizana ku Sighthill, mumzinda wa Glasgow. Kenako Shug akusamutsira banja lonse ku Pithead, kamudzi ka pamgodi wotsekedwa kunja kwa mzinda, n'kuwasiya pomwepo katundu asanamasulidwe, iye ulendo wa kwa mkazi wina. Agnes akutsala ndi ana atatu: Catherine, Leek, ndi mzime Hugh, amene aliyense amamuitana Shuggie.

Mabuku onena za kholo lachidakwa alipo ambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala kumbali ya womwayo kapena ya munthu wamkulu amene akukumbukira zakale. Ili limaonetsa ntchito ya mwanayo, tsiku ndi tsiku, monga ntchito yeniyeni. Pali malo ena pamene Shuggie, asanapite kusukulu, akukonzera mayi ake amene agona pabedi ataledzera. Akuwamasula zovala zothina kuti apume bwino, akuwatembenuza mutu kuti asatsamwe, akuika ndowa pafupi. Kenako akundandalika makapu atatu: ina ya madzi, ina ya mkaka woti ukakhazike m'mimba, yachitatu ya zotsalira za mowa zimene watolera m'zitini za m'nyumbamo. Akudziwa kuti akadzuka ayambira yachitatuyo, chifukwa ndi imene ithetse kunjenjemera. Mwana wa msinkhu wa pulayimale akudziwa zimenezi ngati namwino. Ndinawerenga ndimeyi kawiri, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti wolembayo sakuimvetsa chisoni mwadala. Akungofotokoza manja a mwanayo akugwira ntchito imene anaizolowera.

Zina n'zofanana ndi zimenezi. Akamachokera kusukulu salowa m'nyumba msanga, amayamba waima panja n'kumvetsera: kodi mukulira nyimbo zachisoni, kodi mayi ali pa telefoni kutukwana anthu amene anawalakwira, kapena kuli zii. Phokoso lililonse lili ndi tanthauzo lake. Lachiwiri amajomba kusukulu kuti akatenge ndalama ya boma yothandizira ana, ndipo amayesetsa kuti ina ipite ku chakudya isanathere ku Special Brew. Magetsi, gasi ngakhale wailesi yakanema zimayendera mita yoponyamo makobidi, ndiye banjali limabowola mitayo n'kutulutsa makobidi omwewo kuti likagulire zina. Umphawi wa m'bukuli ndi wowerengetsa makobidi, ndipo wowerengetsayo ndi mwana.

Komabe Agnes simungamude. Ndinayesa, zinakanika. Ndi mayi woopsa: pali usiku wina ku Sighthill pamene akuyatsa makatani a kuchipinda dala, Shuggie ali m'manja mwake. Amanama, amalonjeza, malonjezo ake ambiri ndi moto wa mapesi. Koma ndi yemweyo amene, ngakhale dzulo lake anachita kumunyamula, m'mawa amadzola zodzola zake, kupesa tsitsi, kuvala jasi lake labwino ndi nsapato zagogoda, n'kudutsa pakati pa azimayi omunena mutu uli m'mwamba. M'nyumba mwake ndi moyera kuposa mwa onse omunyozawo. Amalankhula Chingerezi chaulemu ndipo Shuggie anatengera, zomwe zimachititsa ana anzake kumuseka. Kunyadako ndi chinthu chokhacho chimene Agnes wasiyira mwana wake, ndipo mwanayo amachigwiritsitsa. Ndi chifukwa chake chikondi cha Shuggie sichioneka chopusa. Amakonda munthu amene alipodi, amene amaonekera masiku ena n'kusowanso.

Anthu ozungulira nawo anajambulidwa mosabisa. Colleen wa nyumba yoyang'anizana nayo amamuda Agnes pomwe naye banja lake likupasuka. Jinty amabwera ngati mnzake koma chomwe akufuna ndi mowa wa ndalama ya Lachiwiri ija. Ndiye pali azibambo obwera ndi zitini m'jumbo, amene amadziwa bwino lomwe kuti mkazi woledzera sakana. Apa ndinakumbuka kwathu. Bambo akaledzera timaseka, tikumuperekeza kunyumba, mawa lake ndi bambo ndithu. Mayi akaledzera dzina limasintha, ndipo ana ake amalisenza kulikonse. Timakonda kunena kuti kwathu kuno mwana wotere akanatengedwa ndi agogo kapena amalume, ndipo nthawi zina zimaterodi, koma m'matauni muno ndaonapo ana akutsekula chitseko pang'ono n'kunena kuti amayi agona, akudwala mutu, ife n'kubwerera ngati takhulupirira.

Amene simufuna kudziwiratu za m'kati dumphani ndime iyi. Gawo lopweteka kwambiri m'buku lonseli ndi pamene zinthu zikuyenda bwino. Agnes akuyamba kupita ku misonkhano ya Alcoholics Anonymous, gulu la anthu othandizana kusiya mowa, akupeza ntchito ya usiku pamalo omwetsera mafuta galimoto, ndipo akutha chaka chathunthu osalawa. M'nyumba muli chakudya, panja pali maluwa, Shuggie akuyamba kukhala mwana. Kenako pakubwera Eugene, dalaivala wa takisi amene mkazi wake anamwalira, munthu wosakhala wankhanza ayi. Vuto lake n'lakuti sakufuna mkazi wodwala, akufuna wonga akazi ena onse. Atapita naye kukadya ku kalabu ya gofu, akumukakamiza mwaulemu kuti alaweko vinyo tambula imodzi yokha, poti anachira. Ndinatseka bukulo pamenepo n'kuliika pambali. Chomwe chinandikwiyitsa n'chakuti ndawamvapo mawu ngati amenewo paukwati ndi pachinkhoswe, akunenedwa ndi anthu abwinobwino kwa munthu amene akulimbana kuti asiye. Stuart anamvetsa kuti uchidakwa ndi matenda, ndipo anauonetsa popanda kulalikira.

Ana awiri akuluakuluwo aliyense akupeza njira yake yothawira. Catherine akukwatiwa msanga n'kusamukira ku South Africa, osabwereranso. Leek, wodziwa kujambula, anapatsidwa malo kusukulu ya zojambulajambula koma sanapite, akungokhala chete, kusunga kandalama, kudikira tsiku lake. Akamachoka akumulangiza mng'ono wake kuti nayenso asadzadikire kuti mayi achire. Bukuli siliwaweruza awiriwa, ndipo ndinagwirizana nalo. Leek ndi amene ananditsalira mumtima kuposa onse, chifukwa anakhala nthawi yaitali kuposa mmene akanathera, ndipo palibe anamuthokoza.

Pali nkhani inanso imene wogula ayenera kuidziwa. Shuggie ndi mwana wosiyana ndi anyamata anzake. Amakonda zidole ndi kupesa tsitsi, mpira samaufuna, ndipo zikuonekeratu kuti akadzakula mtima wake sudzakhala pa akazi. Amamenyedwa, amatukwanidwa, ngakhale akuluakulu amamunena. Leek amamuphunzitsa kayendedwe kachimuna, iye n'kumaloweza zigoli za mpira m'kabuku kuti akhale ndi choyankhula ndi anzake. Kaya maganizo anu pa nkhaniyi ndi otani, n'kovuta kuwerenga masamba amenewa osamumvera chisoni mwana amene akuyeserera kuyenda payekha kuthengo kuti asamenyedwe mawa. Munthu yekhayo amene samuuza kuti asinthe ndi mayi ake omwewo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Gawo la ku Pithead latalika mopitirira. Kumwa, kulonjeza, kugwanso, zimabwerezedwa mpaka umayamba kudziwiratu tsamba lotsatira. Ndikumvetsa kuti moyo wa m'nyumba yotere umazunguliradi choncho, koma masamba ena akanachotsedwa nkhani ikanalimba kwambiri. Azibambo pafupifupi onse ndi oipa kapena ofooka, moti pena umafuna mmodzi yekha woti upumirepo. Catherine sanapatsidwe malo okwanira, amangosowa m'nkhanimo tisanamudziwe. Chinanso ndi chilankhulo. Bukuli ndi la Chingerezi, koma anthu ake akamayankhulana amagwiritsa ntchito kalankhulidwe ka ku Glasgow, kolembedwa mmene kamamvekera. Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, mitu yoyambirira ndi yovuta. Chimene chinandithandiza ndi kuwerenga zokambiranazo mokweza, khutu limagwira zimene diso laphonya, ndipo ukafika chapakati umazolowera.

Chigawo chomaliza, cha ku East End (kum'mawa kwa Glasgow) ndi cha mu 1992, chinayenda mofulumira kuposa mmene ndinkafunira, makamaka ubwenzi wa Shuggie ndi Leanne, mtsikana amene mayi akenso ndi chidakwa chogona m'misewu. Ana awiriwa safunika kufotokozerana chilichonse, ndipo ndikanakonda masamba ena 30 a iwowa m'malo mwa ena a ku Pithead aja.

Si buku la ana. Muli kutukwana kwambiri, nkhanza za m'banja, kugwiririra, kufuna kudzipha, ndi malo ena pamene akuluakulu akuchita zosayenera kwa mwana. Sindingalipereke kwa wa sekondale wa mafomu oyambirira. Aphunzitsi, anamwino, azibusa ndi ogwira ntchito zosamalira ana ndi amene ndingawalimbikitse kwambiri kuti aligule. Ngati inuyo munakulira m'nyumba yotere, liwerengeni pang'onopang'ono, ndipo pakhale wina woti muzikambirana naye, chifukwa likumbutsani zambiri.