Kamera ya pa okushoni ya pa intaneti: njira iti imagwiradi katundu wakuba?

Kamera yobedwa ilibe chizindikiro pamphumi. Imajambula bwinobwino, batire yake imasunga moto, wogulitsa amayankha mauthenga mwaulemu. Mavuto amadza pambuyo, mwina tsiku lomwe mwaitumiza kokakonzetsa kapena mukufuna kuigulitsanso, nambala yake n'kupezeka pa mndandanda wa katundu wobedwa. Ku UK ndi ku America lamulo limati wakuba sangapatse munthu umwini wa chinthu chomwe si chake. Ngakhale munagula mosadziwa, kamera imabwerera kwa mwini wake, inu n'kutsala mukusaka munthu amene anazimiririka kalekale ndi ndalama zanu. Maiko ena a ku Ulaya amamutetezako wogula wosadziwa, koma zimenezo si zoti n'kutsamirapo.

Ogula amadalira njira zitatu: kufufuza siriyo nambala (nambala yakeyake imene fakitale imapatsa kamera iliyonse) m'makaundula, kuwerenga zobisika m'fayilo ya chithunzi, ndi kumuyesa wogulitsayo. Mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo imene ambiri amaikhulupirira ndiyo yofooka.

Makaundula: Lenstag, Stolen Camera Finder ndi CheckMEND

Lenstag inayamba mu 2013 ndipo kufufuzapo ndi kwaulere. Mwini kamera amalembetsa zida zake potumiza chithunzi chosonyeza siriyo nambala, ndipo zikabedwa amaziika chizindikiro choti zabedwa. Ubwino wake ndi woti imasunganso nambala za malenzi, omwe nthawi zambiri ndi odula kuposa kamera yeniyeniyo.

Stolen Camera Finder imagwira ntchito mwina. Iyo imasaka pa intaneti zithunzi zomwe zili ndi nambala ya kamera m'kati mwake. Anaipangira anthu oberedwa, koma wogula naye angapindule nayo: mukalemba nambala n'kupeza zithunzi zaukwati zomwe katswiri wina wa kudziko lina anajambula mwezi wathawu, pamene wogulitsa akuti kamerayo wakhala nayo zaka zitatu, nkhani yatha pomwepo. Kufooka kwake n'koti Facebook ndi Instagram amafufuta zobisikazi pa zithunzi zomwe anthu amaona, choncho imadalira malo ngati Flickr omwe amazisunga.

CheckMEND ndi yolipira, ndipo imakoka uthenga m'makaundula omwe apolisi ndi makampani a inshuwalansi amagwiritsa ntchito. Ili ndi mphamvu makamaka pa katundu wa ku UK, komwe anthu amalembetsa zinthu zawo pa Immobilise. Ngati wogulitsa ali kumeneko, ndalama yochepa ya lipotilo si yotaya.

Onse atatu ali ndi nthenda imodzi. Nambala ikapezekamo kuti yabedwa, yankho ndi lotsimikizika. Ikapanda kupezeka, simunadziwe kalikonse. Anthu ambiri sanalembepo nambala ya kamera yawo paliponse, ndipo wakuba amatha kuika katundu pa malonda mwini wake asanafike n'komwe kupolisi. Fufuzani m'makaundula onse, poti sizitenga mphindi khumi, koma kusapezekamo musakuyese chilolezo.

Fayilo ya RAW

Apa ndiye pali nyama. Makamera ambiri a Canon, Nikon ndi Fujifilm amalemba siriyo nambala yawo m'chithunzi chilichonse, m'gawo lotchedwa EXIF, ndipo ambiri amalembanso nambala ya lenzi. Pulogalamu yaulere ya ExifTool imaonetsa zonsezi.

Pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, wogulitsa alembe pa pepala tsiku la lero ndi liwu lomwe mwasankha inuyo, aike pepalalo pambali pa kamera ataigadabuza, ajambule ndi foni kuti chomata cha pansi chiwerengeke. Chachiwiri, ajambule pepala lomwelo ndi kamera yogulitsidwayo n'kukutumizirani fayilo ya RAW yosakhudzidwa, kutanthauza chithunzi momwe chatulukira m'kamera chisanakonzedwe: CR2 kapena CR3 ya Canon, NEF ya Nikon, RAF ya Fujifilm, ARW ya Sony. Chithunzi chodutsa m'mauthenga a eBay (msika wa okushoni wa pa intaneti) kapena Messenger sichithandiza, poti chimafika chochepetsedwa. Pamafunika fayilo yeniyeniyo.

Tsopano yerekezani. Nambala ya pa chomata ifanane ndi ya m'fayilo, ifananenso ndi ya pa bokosi kapena pa khadi la waranti ngati zilipo. Zikasiyana, mwina chomata anachisintha, kapena kamera inasinthidwa bolodi lam'kati pokonzetsa. Chachiwirichi chimachitikadi, ndipo wogulitsa woona amakhala ndi pepala la kokonzetsako.

Musaimire pa nambala pokha. Makamera a Canon ndi Nikon ali ndi malo olembapo dzina la wojambula ndi la mwini zithunzi, ndipo dzinalo limalowa m'chithunzi chilichonse. Akuba ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Dzina la m'fayilo likasiyana ndi la wogulitsa, funsani. Woona angoyankha kuti anagula kwa uje ndipo akuonetsani umboni, pamene wakuba amayamba kuzungulira kapena kukhala chete. Mafayilo a Nikon amaonetsanso kuti shata (kachitseko kotseguka ndi kutsekeka pojambula chithunzi chilichonse) yagwa kangati. Munthu akati mphatso yosagwiritsidwa ntchito koma shata yagwa ka 90,000, wanama kale pa chimodzi.

Njirayi nayo ili ndi malire. Makamera ena a Sony salemba nambala ya pa chomata m'fayilo, makamera a filimu alibe EXIF, ndipo wodziwa kompyuta akhoza kusintha zolembedwazo ndi ExifTool yomweyo. Komabe pa zitatuzi, iyi yokha ndi imene imatsimikiza kuti kamera ilipodi m'manja mwa wogulitsa lero, ndi kuti nambala yomwe mukufufuza m'makaundula ndi yakedi.

Ena oona mtima amakana kuonetsa nambala pagulu, poopa achinyengo omwe amaikopera pa malonda abodza. Mantha amenewo ndi omveka. Koma wokana kukuonetsani ngakhale pa mauthenga a awiri, kapena amene chomata chake n'chopalidwa kapena chomatulidwa, msiyeni.

Kumuyesa wogulitsa

Iyi siipereka umboni, imangonunkhiza, koma ndiyo yachangu. Wakuba amatenga chikwama momwe chilili, ndiye zomwe zinatsala kunyumba kwa mwini wake sizikhalapo: chaja, bokosi, lisiti, chivindikiro cha pakamwa pa kamera ndi cha kumbuyo kwa lenzi yomwe inali yomangidwa. Kamera yodula yokhala ndi batire imodzi popanda chaja iyenera kukudzidzimutsani. Chimodzimodzi mulu wa kamera, malenzi atatu, fulashi ndi makadi odzaza zithunzi pa mtengo umodzi, wogulitsa osadziwa kutchula dzina la lenzi iliyonse.

Yang'ananinso zipsera za zomata. Makampani obwereketsa zida, masukulu ndi nyumba zoulutsa nkhani amamata bakodi kapena kuzokota nambala zawo, ndipo pomatula pamatsala malo owala kapena ulimbo.

Pa eBay okushoni imatha kukhala ya tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10. Wogulitsa lenzi yodula amene akufuna mtengo wabwino amapatsa anthu nthawi yopikisana, pamene wothamangira tsiku limodzi ali ndi chomuthamangitsa. Nyenyezi zambiri zoyamikira wogulitsa zisakupusitseni: tsegulani ndemanga zenizenizo. Akaunti yomwe kwa zaka inkangogula timabuku ndi zovala, inagona nthawi yaitali, lero ikugulitsa makamera asanu apamwamba, mwina inabedwa nayonso. Zithunzi za malondawo ziikeni pa Google Lens kapena TinEye muone ngati sanazitole kwina. Koma apa n'posavuta kulakwira munthu: wogulitsa katundu wa malemu bambo ake nayenso sadziwa malenzi ndipo chaja sanaipeze. Kusiyana kwake n'koti iyeyo savutika kujambula pepala lija.

Kogula ndi kalipiridwe

Zikavuta ngakhale munasamala, chotsala ndi njira yomwe munalipirira. eBay ili ndi chitetezo chobweza ndalama ngati katundu sanafike kapena wasiyana ndi momwe anamufotokozera, ndipo dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 katundu atafika. N'chifukwa chake nambala muyenera kuifufuzanso tsiku lomwe phukusi lafika, osati chaka chamawa, ndipo mauthenga onse akhale m'kati mwa eBay. Wogulitsa akati tichotse malondawa tikamalizire kumbali akutsitsireni mtengo, akukuvulani chitetezo chimenecho.

Pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, kusiyana kuli pakati pa Goods and Services, yomwe ili ndi chitetezo cha wogula, ndi Friends and Family, yomwe ilibe. Kutumiza ndalama kubanki, pa Western Union, m'makadi a mphatso kapena pa Bitcoin kuli ngati kupereka pamanja. Khadi la ngongole limawonjezera khomo lina, lodandaula kudzera kubanki yanu.

Facebook Marketplace ndi malo ena okumana pamaso ali ndi ubwino umodzi waukulu: kamera mumaigwira, mumalowa m'menyu n'kuona dzina la mwini, mumajambula pa khadi lanu n'kuwerenga fayilo musanalipire. Koma mukalipira pamanja, wogulitsa akapita wapita. Lembani kapepala kokhala ndi tsiku, mtengo, nambala zonse, dzina ndi siginecha yake, ndipo onani chiphaso chake.

Makampani ogulitsa zida zogwiritsidwapo kale ntchito, monga MPB ya ku Brighton kapena KEH ya ku Georgia ku America, amadula kuposa okushoni. Nawonso katundu wakuba akhoza kuwadutsa, poti amagula kwa anthu wamba. Chomwe mukulipirira ndi lisiti yochokera ku kampani yodziwika, waranti ya miyezi ingapo, ndi munthu woti mukamupeze zikavuta. Pa lenzi yotchipa, okushoni ya eBay yokhala ndi chithunzi cha nambala ndi yokwanira. Pa kamera yodyera, yomwe kuilandidwa kungaimitse ntchito, mtengo wa okushoni uyenera kutsika kwambiri kuti upose wa kampani, ndipo ukatsika kwambiri popanda chifukwa chomveka, bwererani kwa wogulitsa mukapemphe fayilo ya RAW.