Sitolo ya mawailesi imene inatifunsa laisensi tisanatulutse ndalama

Mwana wa achemwali anga, amene akukhala nafe ku Kempton Park, satopa ndi nkhani za ndege chifikireni kuchokera ku Lilongwe. Ndege zokatera pa bwalo la OR Tambo zimadutsa pafupi ndi denga lathu, ndipo mnyamatayu wakhala akulakalaka kumva zimene oyendetsa ndegezo amauzana ndi anthu a pansanja yowongolera ndege. Motero Loweruka lapitali ine ndi alamu anga tinapita kusitolo ina yogulitsa mawailesi olankhulirana, chakum'mawa kwa Johannesburg, kukafuna scanner, kawailesi kaja kamene sikatumiza mawu koma kamangosakasaka pa mafunde mpaka kapeze pamene anthu akulankhula.

Ndiyambe ndi zimene sizinandikondweretse. Sitoloyo ndi yopanikizika, poimika galimoto ndi pochepa, ndipo tinaima pafupifupi theka la ola chifukwa patsogolo pathu panali anthu a kampani ina ya alonda amene anabweretsa katoni yodzaza mawailesi owonongeka. Mitengo sinalembedwe pa katundu aliyense, moti munthu amachita kufunsa chinthu chimodzichimodzi ngati ali pamsika wa kaunjika.

Amene anatithandiza anali bambo wachikulire wochokera ku Mulanje, yemwe atangomva tikunong'onezana m'Chichewa anasiya Chingerezi pomwepo. Anatulutsa kawailesi ka m'manja koyendera mabatire awiri, anapotokola mlongoti wake wa mphira n'kuulumikiza, kenako anatisonyeza pa galasi malo a mafunde a ndege, kuyambira 118 mpaka 137 MHz. Koma asanakayatse anafunsa kuti, "Achimwene, mukakamvera kuti, kuno kapena kumudzi? Nanga laisensi muli nayo?"

Funso limenelo ndilo linandichititsa kulemba zimenezi, pakuti ambiri a ife timaonera mavidiyo a pa YouTube a anthu a ku America akumvetsera apolisi ndi ozimitsa moto ali khale pakhonde, n'kumaganiza kuti kulikonse ndi choncho. Bamboyo anatifotokozera kuti ku America kukhala ndi scanner n'kololedwa ndithu, ngakhale kuti lamulo la 1986 la Electronic Communications Privacy Act linaletsa kumvetsera mafoni a m'manja a anthu ena, ndipo pambuyo pake ma scanner ogulitsidwa kumeneko anayamba kupangidwa atatsekedwa mafunde a mafoniwo. Komabe madera ena, monga New York ndi Florida, ali ndi malamulo awoawo okhwimitsa za kuyenda ndi scanner m'galimoto. Ku Britain zinthu n'zodabwitsa kwambiri, chifukwa munthu atha kugula scanner poyera, koma lamulo la Wireless Telegraphy Act la 2006 limamuletsa kumvetsera uthenga umene sunatumizidwire iye kapena anthu onse, ndipo zokambirana za ndege zili m'gulu loletsedwalo.

Za kuno ku South Africa anazilankhula mosazungulira. Lamulo la Electronic Communications Act la 2005 limapatsa bungwe la ICASA mphamvu pa zipangizo za wailesi, kuphatikizapo kuvomereza mtundu wa chipangizo chisanagulitsidwe ndiponso kupereka malaisensi. Palinso RICA, lamulo la 2002 limene tonse timalidziwa chifukwa cha kulembetsa simu khadi, koma limene cholinga chake chachikulu ndi kuletsa kutchera khutu mauthenga a anthu ena popanda chilolezo. Ine ndakhala m'dziko lino zaka zambiri ndikuganiza kuti RICA ndi nkhani ya pasipoti ndi kalata ya kumene ukukhala basi. Za kumudzi anangoti aliyense wofuna kutenga chipangizo chotere kupita nacho ku Malawi ayambe wafunsa a MACRA asanachiike m'chikwama, chifukwa pachipata cha Mwanza si malo ophunzirira malamulo.

Alamu anga, amene mumtima ankafuna kumvetsera apolisi, anagwa ulesi atamva kuti apolisi a ku Gauteng amagwiritsa ntchito mawailesi a digito a mtundu wa TETRA, amene kawailesi wamba kotere sikangawamve n'komwe. Kwa mnyamata uja, bamboyo analemba pakapepala dzina la South African Radio League, bungwe limene limayendetsa mayeso a anthu okonda mawailesi, nanena kuti akakhoza adzatha kupeza laisensi ndi dzina lake loitanirana pa wailesi ndipo adzatha kulankhula pa mafunde a 144 mpaka 146 MHz. Anachenjezanso kuti laisensi imeneyo si chiphaso chomvetsera ndege.

Tinatuluka osagula kanthu, ndipo wogulitsayo sanaonetse kukhumudwa ngakhale kuti tinamudyera nthawi yambiri. Kwa amene akufuna mawailesi a alonda, a pa ntchito yomanga kapena a pafamu, sitoloyi ndi yoti n'kupitako, makamaka m'mawa pakati pa sabata pamene anthu sanachuluke. Ife tidzabwererako mnyamatayu akadzalemba mayeso ake, ndipo ndidzayamba ndaimba foni kufunsa mitengo ndisananyamuke kunyumba.