Ndere m'thanki yaing'ono ya makorali: nkhono kapena GFO?

Nkhono za Trochus zimadya ndere yomwe yamera kale pagalasi ndi pamiyala ya m'thanki yowetera makorali (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tooneka ngati miyala). Zikagwa chagada zimadzitembenuza zokha, pomwe nkhono za mtundu wa Astraea nthawi zambiri zimafera pamchenga n'kuipitsa madzi. M'thanki ya malita 60 yambani ndi za Trochus zinayi basi, zikachuluka zimafa ndi njala. Ndere yaitali ngati tsitsi imazikanika, muyambe mwaizula ndi dzanja.

GFO (granular ferric oxide, timibulu tonga dzimbiri la chitsulo tosefera madzi) imalimbana ndi gwero lenileni chifukwa imayamwa phosphate, chakudya cha ndere chopezeka m'madzi. Ngozi yake ili pa kuika yambiri: phosphate ikagwa mwadzidzidzi kufika pa 0, makorali amatuwa ndipo ma dinoflagellate (tizamoyo ting'onoting'ono tomera ngati ndere yoterera) amabuka. Ikani theka la mlingo wolembedwa, muitsuke kaye, muziyeza madzi sabata iliyonse, phosphate isatsike pansi pa 0.03 ppm (ppm ndi magawo pa miliyoni).

Phosphate ikapitirira 0.1 ppm, nkhono zokha sizikwanira, onjezani GFO.