Six Feet Under: banja lokonza maliro a ena koma losadziwa kulira ake

Sewero la Six Feet Under, lomwe Alan Ball anayambitsa ndipo linaulutsidwa pa kanema wa HBO kuchokera mu 2001 mpaka 2005 m'magawo 63, limakamba za banja la a Fisher a mumzinda wa Los Angeles, amene amapeza chakudya pokonza mitembo ndi kuyendetsa miyambo ya maliro m'nyumba yomwe amagonamo. Nkhani imayamba tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, pamene bambo wa banjali, a Nathaniel, akuyendetsa galimoto yatsopano yonyamula maliro, ndipo ali mkati moyatsa ndudu basi n'kuwawomba. Ntchito ikutsala m'manja mwa ana awo aamuna awiri, Nate amene anaithawa kalekale ndi David amene anadzipereka kwa iyo.

Chimene chinandikoka mtima n'chakuti anthuwa amadziwa kutonthoza anamfedwa, kusankhitsa bokosi ndi kudzoza nkhope ya malemu mpaka kuoneka ngati wagona tulo, koma imfa itawalowera m'nyumba akusowa pogwira. Pamanda a bambo ake, Nate akukana kachitini kowazira dothi mwaulemu, n'kutapa dothilo ndi manja. Mayi ake, a Ruth, akumutsanzira n'kuyamba kubuma mosadzigwira, pomwe David akuona ngati banja lachita manyazi. Frances Conroy, amene anasewera ngati mayiwa, ananditsitsa misozi pamenepa.

Pafupifupi gawo lililonse limatsegula ndi imfa ya munthu wina, nthawi zina yochititsa nthumanzi, nthawi zina yoseketsa moti umadzida wekha poseka. Akufawo amabwera kudzalankhula ndi amoyo, koma si mizukwa ayi: ndi maganizo amene munthu amaopa kudziuza yekha.

Za chikhulupiriro seweroli sililalikira ndipo silinyoza. David, yemwe Michael C. Hall anamusewera mwaluso, ndi dikoni mu mpingo wa Episcopal, ndipo akulimbana ndi chikumbumtima chake pobisa chibwenzi chake ndi mwamuna mnzake, wapolisi dzina lake Keith. Mapemphero ake ndi oona, mantha akenso ndi oona. Nate alibe mpingo, koma ndiye amene amafunsa kwambiri kuti munthu akafa amapita kuti.

Zofooka zilipo. M'chaka chachinayi nkhani imakokeka, ndipo mikangano ya Nate ndi wokondedwa wake Brenda inafika pondikwana. Mulinso zogonana, mankhwala ozunguza bongo ndi mawu otukwana, choncho si sewero loonera pamodzi ndi ana.

Komabe wopirira mpaka gawo lomaliza adzaona Claire, mwana wamkazi wa banjali, akunyamuka pa galimoto kupita ku New York, uku seweroli likuonetsa mmene aliyense wa anthu amene tawazolowera adzamwalirire, dzina ndi chaka zitalembedwa monga zinalembedwera kwa alendo onse aja amene anadutsa m'chipinda chapansi chomwe a Fisher amakonzeramo mitembo.