Ndemanga: kumanganso kernel ya Linux pa shopu ina ya makompyuta ku Nchalo

Nyenyezi 4 mwa 5. Makina ake ndi laputopu yakale ya Core i3, RAM 4GB. Itachoka pa Debian 11 kupita pa Debian 12 (Debian ndi mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta), Wi-Fi inayamba kudukaduka, ndipo ukaitseka n'kuitsegulanso sikirini inkangoti bii. Amisiri a pashopuyi sanathamangire kufufuta zonse. Anapeza kuti vuto likuchokera mu kernel, mtima wa Linux womwe umalumikiza mapulogalamu ndi zipangizo za kompyuta. Kernel 6.1 ya Debian 12 ndiyo inkavuta, popeza 5.10 ya Debian 11 inkayenda bwinobwino, choncho anaganiza zomanganso 5.10.

Anatenga source code (malemba omangira pulogalamu) ya 5.10 ku kernel.org, yomalizira kutuluka mumzere umenewu. Apa ndiwayamike, chifukwa 5.10 yoyambirira ya mu December 2020 ilibe zigamba zachitetezo zomwe zinabwera pambuyo pake. Anaika mapulogalamu omangira kernel, omwe ndi build-essential, flex, bison, bc, libssl-dev ndi libelf-dev, n'kukopera config (fayilo yosankhira zolowa mu kernel) ya mu /boot. Mzere wa CONFIG_SYSTEM_TRUSTED_KEYS anausiya wopanda kanthu. Ukapanda kutero, ntchito imaima panjira ikufunafuna satifiketi yomwe mulibe. Anazimitsanso DEBUG_INFO, yomwe imadya malo ambiri pa disiki, kenako anayendetsa lamulo lomangira kernel la make bindeb-pkg.

Kutentha kwa kuno kuchigwa amakudziwa. Kumanga kernel kumakhetsa thukuta purosesa, ndipo masana a October laputopu yafumbi imazima yokha. Iwo anayamba apukuta fani, kupaka thermal paste watsopano, n'kuyendetsa ntchitoyo usiku ndi -j2 m'malo mwa -j4 (ntchito ziwiri nthawi imodzi m'malo mwa zinayi), makinawo atawakweza pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha lamulo la localmodconfig lomwe anagwiritsa ntchito pokonza config. Lamulo limeneli limafupikitsadi nthawi, koma limangosunga madalaivala (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) a zipangizo zomwe zikugwira ntchito nthawi imeneyo. Pulinta ndi dongle ya intaneti sizinali zolumikizidwa, ndiye kernel yatsopanoyo sinazione n'komwe. Anamanganso osalipiritsa kachiwiri, koma tsiku lathunthu linapita. Akanangofunsa kuti, "Mumalumikizako chiyani?" zikanapeweka.

Ngati mukupita nayo yanu, tengani zonse za USB zomwe mumagwiritsa ntchito. Secure Boot, chitetezo chomwe chimalola kernel yosainidwa yokha kuyaka, iyenera kuzimitsidwa, apo ayi kernel yosasainidwa siyaka. Muwauzenso asachotse 6.1; ikhalebe mu GRUB (mndandanda wosankhirapo kernel poyatsa makina) pansi pa Advanced options kuti pakhale pothawira. Dziwaninso kuti kernel yomanga pamanja apt, pulogalamu yobweretsa zigamba mu Debian, saikonzanso yokha, choncho zigamba zatsopano zikatuluka muyenera kubwerera nayo kushopu. Patha masabata atatu tsopano, Wi-Fi sinadukepo ndipo sikirini ikudzuka bwino.